Dzenje la mnansi ndi nyumba yako: mlandu wa Dalton ndi Angus

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, tikamaphunzitsa mbiri ya ku Mangalande ya zaka za m'ma 1800 timakonda kuthamangira mafakitale, njanji ndi migodi ya malasha. Sitikamba kawirikawiri za milandu imene kukumba konseko kunabala. Lero ndikuuzeniko umodzi.

Makhothi a kumeneko anali atavomereza kale kuti dothi la munthu lili ndi ufulu wochirikizidwa ndi dothi la mnansi wake. Kumba mmene ungafunire pamalo ako, koma malo a mnzako akagumukira m'dzenje lakolo, ulipira. Mu 1861, pa mlandu wa Backhouse ndi Bonomi wokhudza mgodi wa malasha ku County Durham, anagamulanso kuti mlandu umayamba tsiku limene nthaka yatitimira, osati tsiku limene anakumba. Koma ufulu umenewu unali wa dothi lokhalokha. Nanga nyumba, imene imalemetsa dothilo?

Ku Newcastle upon Tyne kunali nyumba ziwiri zoyandikana, iliyonse yomangidwa m'malire mwenimweni. Mu 1849 imodzi mwa nyumbazo, yomwe inali ya a Angus pa nthawi ya mlanduwu, inasandutsidwa fakitale yopanga ngolo zokokedwa ndi mahatchi. Anagwetsa zipupa zam'kati n'kuika mitanda yachitsulo yotsamira pa chumuni cha njerwa, moti kulemera kwambiri kunapita mbali ya mnansi. Patapita zaka 27, nthambi ya boma yoona za zomangamanga inalemba kontirakitala Dalton kuti agwetse nyumba inayo ndi kukumba maziko a ofesi yatsopano. Atakumba, chumuni chija chinatitimira n'kugwa, ndipo mbali yaikulu ya fakitale inagwa nacho.

Mlanduwu unavuta zedi. Angus anapambana poyamba, n'kugonja pa bwalo lachiwiri, ndipo pa bwalo la apilo oweruza anagawanikanso. Utafika ku House of Lords, yomwe nthawi imeneyo inali bwalo lalikulu koposa, anaumva kawiri ndipo anachita kuitana oweruza ena kuti adzapereke maganizo awo. Chigamulo chinatuluka mu 1881: nyumba sibadwa ndi ufulu wochirikizidwa, koma ikaima poyera kwa zaka 20 popanda wosokoneza, ufuluwo imaupeza. Fakitale ya Angus inali itadutsa zaka zimenezo. Anawonjezanso kuti mwini ntchito sangabisale kumbuyo kwa kontirakitala wake, choncho nthambi ya boma ija mlandu unaigweranso.

Apa ndi pamene ine sindikhutira. Taganizirani, mnansi akanaletsa bwanji kuti zaka 20 zisakwane? Sangasumire munthu chifukwa chomanga pamalo ake. Njira yokha inali kukumba dala dothi lake nthawi isanakwane, ngakhale nyumba ya mnzakeyo igwe. Lord Penzance, mmodzi wa oweruza, anavomereza poyera kuti lamulo linkalola zimenezo. Ndiye kuti lamulo linateteza nyumba yakale n'kusiya yatsopano pamtetete. Womanga chaka chatha, amene mwina ngongole sanamalize n'kubweza, ndiye analibe pogwira.

Maiko ena amene anatengera malamulo a ku Mangalande anadzaiona mfundoyi kuti ndi yopotoka. Ku New Zealand mu 1972, pa mlandu wa Bognuda, khothi linati wokumba ayenera kusamala nyumba ya mnansi ngakhale ikhale yatsopano. Ku Singapore, komwe nyumba n'zothithikana, bwalo la apilo linakana lamulo la zaka 20 lija mu 2000 pa mlandu wa Xpress Print.

Mwina mukufunsa kuti za ku Newcastle zikutikhudza bwanji. Mu 1902 lamulo lotchedwa British Central Africa Order in Council linabweretsa kuno malamulo a ku Mangalande monga analili pa 11 Ogasiti chaka chimenecho, ndipo mlandu wa Dalton ndi Angus unali utagamulidwa zaka 21 m'mbuyomo. Amene mwagula mapuloti m'matauni mwathu mukudziwa maenje oumbira njerwa amene anthu amakumba mpaka pampanda penipeni, ndi zimene zimachitika mvula ya Januwale ikawadzaza.