Kupeza Laisensi ya Thiraki ku United States Popanda Kupita Kusukulu Yoyendetsa Galimoto

Ku United States, woyendetsa thiraki yolemera mapaundi 26,001 kapena kuposerapo amafunika laisensi yotchedwa CDL. Kale m'zigawo zambiri za dzikolo munthu ankatha kuwerenga yekha malamulo, kubwereka thiraki n'kukayesedwa. Njirayi inatsekedwa pa 7 February 2022, pomwe bungwe la boma loona za chitetezo cha mathiraki, la FMCSA, linalamula kuti wofuna Class A kapena B koyamba aphunzitsidwe kaye ndi wophunzitsa amene ali m'kaundula wake.

Komabe wophunzitsayo sachita kukhala sukulu. Kampani yonyamula katundu ikalembetsa m'kaundulamo imaloledwa kuphunzitsa antchito ake. Gawo la malamulo limatheka pa intaneti, ndipo wophunzira ayenera kupeza malikisi 80 pa 100 alionse. Kuyendetsa kwenikweni, pabwalo ndi pamsewu, n'kumene kulibe chidule: wophunzira kwa munthu wosalembetsa saloledwa kuyesedwa, ngakhale atadziwa bwanji chiwongolero.

Chilolezo cha wophunzira chiyenera kutha masiku 14 asanayesedwe. Kuyendetsa thiraki kudutsa malire a zigawo kumafuna zaka 21.