Nyale yakale ya ofufuza miyala

Ku Heavy Industrial Area ku Kitwe, kumene amisiri amakulunganso mawaya a mamota ndi kuwocerera zitsulo za m'migodi, cinthu ca malaiti sicitayidwa msanga. Koma pali cida cimodzi cimene ngakhale mmisiri wozolowera angaciponye ku sikilapu: kabokosi kacitsulo ka cogwirira, kutsogolo kuli galasi lakuda bii. Mukakayatsa masana simuona kanthu. Iyo ndi nyale ya ultraviolet, ndipo ife tikuti mukaipeza musafulumire kuigulitsa pa sikelo.

Kuwala kumeneku maso athu sakuona. Anakutulukira ndi Johann Ritter wa ku Germany mu 1801, ndipo mu 1852 George Stokes anafotokoza cifukwa cake mwala wa fluorite umawala ukakulandira. Koma nyale yoti munthu anyamule kupita nayo kuthengo inacedwa. Mu 1932, caka cimene mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa, Thomas Warren anatsegula kampani ya Ultra-Violet Products ku California, imene inadzachuka ndi nyale yochedwa Mineralight. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse tungsten inafunika kwambiri polimbitsa zitsulo, ndipo mwala wake, scheelite, umawala mobiriwira ngati thambo. Anthu anayamba kukwera mapiri usiku, nyale m'manja. Nkhondo itatha, nyalezo zinagwera m'manja mwa okonda kusunga miyala, makamaka a ku Franklin ku New Jersey, kumene mwala umodzi umaonetsa willemite wobiriwira ngati msipu ndi calcite wofiira ngati makala a pambaula.

Nanga kuno kwathu? Apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi. Miyala imene inamanga Kitwe, Luanshya ndi Mufulira siiwala. Unikani malachite, chalcopyrite kapena bornite, mudzaona mdima cabe, cifukwa mkuwa ndi citsulo zimazimitsa kuwalako. Cimene cingakudabwitseni ndi mwala woyera umene amigodi sanauwerengere, calcite, umene nthawi zambiri umafiira ngati muli manganese. Pa Mindola, mommuno mu Kitwe, anakumbapo uranium kuyambira 1957 mpaka 1959. Mwala wakuda wa uranium nawonso suwala, koma zina mwa zikhakha zacikasu zomera pamwamba pake, monga autunite, zimawala koopsa. Mwala wotere si wosunga m'cipinda cogona.

Mdimawo nawo umalankhula. Ma emerald a ku Lufwanyama, kumene kuli mgodi wa Kagem, ali ndi citsulo cambiri, motero kawirikawiri sasintha pansi pa nyale, pamene ambiri opangidwa m'fakitale amafiira. Sikuti nyale yokha ingaweruze mlandu, koma wina akabwera ndi mwala wobiriwira m'thumba n'kumakufulumizitsani, ndi bwino kuyamba mwamuuza kuti tiyeni mumdima.

Wina anganene kuti matoci a ultraviolet ali mbwee pamsika. Zoona, koma kuwala kumeneku kuli mitundu. Matoci ochipa amatulutsa kuwala kwa mafunde aatali, pafupi 395 nanometre, abwinoko 365, mtundu umene amaunikira ndalama za pepala. Nyale yakale ya cubu ca mercury imapereka mafunde aafupi, 254, ndipo scheelite ndi willemite zimafuna amenewo. Matoci a mafunde aafupi alipo masiku ano, koma mtengo wake si wa mwana wa sukulu.

Mbali yodula pa nyale yakale si cubu ai, ndi galasi lakuda lija. Nchito yake ndi kutsekereza kuwala kooneka n'kulola ultraviolet yokha kudutsa. Likagwira nchito maola ambiri limakalamba, ndipo limakalamba mwakabisira: nyale iyakabe kacizirezire kofiirira ngati kale, koma miyala siiyankha. Munthu amasintha cubu, amatsegula waya uliwonse, vuto osalipeza. N'cifukwa cake osunga miyala amakhala ndi kamwala kamodzi kodziwika, n'kumakajambula pafoni nthawi ndi nthawi ali pa mtunda umodzimodzi. Cithunzi cikayamba kuzilala, galasi latopa. Ndiye musamaisiye ili ciyakire pamene muli kuceza.

Galasili limadananso ndi cinyezi. Limacita zoyerayera pamwamba, ndipo mvula ya kuno ku Copperbelt, kuyambira November mpaka April, tonse tiidziwa. Isungeni m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi touma tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Likasweka, galasi la pawindo silingalowe m'malo, limatsekereza mafunde aafupi onse. La cisoti cowocerera ndiye n'losathandiza konse. Cubu cokha cili ndi pogwira, popeza macubu ophera tizilombo m'madzi amatulutsanso 254, bola mupeze ca msinkhu ndi mphamvu yofanana.

Musanailumikize ku malaiti, werengani kacitsulo kolembedwa kumbuyo. Nyale zopangidwira ku America zimafuna mavoti 110 mpaka 120, pamene a ZESCO amatipatsa 230. Popanda thiransifoma, nyale imene yapulumuka zaka 60 imapsa m'kanthawi kocepa. Waya wakale wouma usinthidwe, ndipo nchito imeneyo amisiri a ku Industrial aidziwa bwino.

Za maso, funsani aliyense wowocerera. Ululu uja wonga mcenga m'maso umene umadza usiku ndi womwewo umene nyaleyi imabweretsa mukayang'ana mwacindunji. Valani magalasi a pulasitiki odzitetezera, ndipo musaunike pakhungu. Cubu cikafa musaciphwanye kapena kuciponya pamoto, muli mercury. Zambia inalowa m'pangano la Minamata loletsa kumwaza mercury mu 2016, ndipo za katayidwe kake mufunse a ZEMA.