Zishalo ziwiri ndi mayina ake oyenera

Pa nkhani ya kukwera akavalo pali mayina awiri a Chingerezi amene amavutitsa omasulira athu: English ndi Western. Loyambalo amati "kukwera mwachingerezi", ndipo pamenepo vuto ndi lochepa. Lachiwirilo ndi limene limawagwetsa. Ena amati "kukwera mwachizungu", ena amati "kukwera kwa maiko a kumadzulo", poti anazolowera kumva pa wailesi kuti maiko a kumadzulo ndi a ku Ulaya ndi America. Tsono womvera wa ku Kampepuza kapena ku Bilila, m'boma lathu la Ntcheu, akamva kuti pali kukwera kwachingerezi ndi kukwera kwachizungu, afunsa funso loyenera: kodi Mngerezi si mzungu? Kumasulira kotere n'kolakwika, ndipo kulakwa kwake kukubisa chinthu chimene munthu wa ku Ntcheu akanachimvetsa msanga kuposa ambiri, chifukwa mutu wa nkhaniyi wagona pa ng'ombe.

Kumadzulo kumene dzinali likunena ndi kumadzulo kwa dziko limodzi, la United States: zigwa za Texas, New Mexico, Arizona ndi California, kumene ng'ombe zinkadya m'tchire lopanda mpanda. Akavalo anafika ku Mexico ndi Hernán Cortés mu 1519, ndipo abusa olankhula Chisipanishi otchedwa vaquero ndi amene anakonza luso lokusa ng'ombe munthu ali pamsana pa kavalo. Anthu a ku America anaphunzira kwa iwowa. Kuyambira 1867 abusa ankakusa ng'ombe miyandamiyanda kuchokera ku Texas, kutsata njira ya Chisholm, mpaka ku Abilene m'dera la Kansas kumene kunali njanji. Ulendo unkatenga miyezi. Munthu ankakwera m'bandakucha, n'kudzatsika dzuwa litalowa. Chilichonse pa kakweredwe kameneka chinabadwa pa ntchito imeneyo.

Taonani chishalo chake. N'chachikulu, chachikopa chochindikala, ndipo cha pantchito chimatha kulemera makilogalamu 15 mpaka 20. Mungaganize kuti kulemerako n'kuzunza chiweto, koma chimakhala chotambalala kuti thupi la munthu lisatsamire malo amodzi pamsana tsiku lonse. Pokhalira pake m'pozama, kumbuyo kuli kotukuka. Kutsogolo kuli chinthu chotumphuka ngati chiputu, chimene eni ake amachitcha nyanga, ndipo ife sitikusowa kufunafuna liwu lina: ndi nyanga ya chishalo. Ambiri akaiona m'mafilimu amayesa ndi chogwirira cha munthu wamantha. Ntchito yake ndi ina. M'busa akaponya chingwe cha khwekhwe n'kukola thole m'khosi kapena m'miyendo, amakulunga nsonga ya chingwecho pa nyangayo mofulumira, kavalo n'kuima nji, kukoka kwa thole kuja n'kuthera pa chishalo osati pa mkono wa munthu. Chala chikatsalira pakati pa chingwe ndi nyanga, chimaduka. N'chifukwa chakenso m'busayo amagwira zingwe zowongolera ndi dzanja limodzi, kawirikawiri lamanzere, kuti lamanja likhale la khwekhwe. Zingwezo amazisiya zolendewera. Akafuna kukhota sakoka pakamwa. Amangokhudzitsa chingwe pakhosi pa kavalo, ndipo kavalo wophunzitsidwa amapatuka kulowera mbali inayo. Chipewa chachikulu chija n'cha dzuwa ndi mvula, nsapato za chidendene chachitali n'zoti phazi lisapitirire m'chopondera.

Kakweredwe kachingerezi kanakulira ku Ulaya, pakati pa asilikali apakavalo, alenje osaka nkhandwe ndi agalu m'minda ya ku England, ndi m'masukulu a akavalo monga ya ku Vienna. Mlenje wa nkhandwe ankakumana ndi mipanda ndi ngalande, ndiye ankayenera kudumpha. Chishalo chake n'chaching'ono, chopyapyala, nthawi zambiri chosapitirira makilogalamu 8, ndipo chilibe nyanga, poti nyanga ingamubaye pamimba akawerama podumpha. Miyendo ya wokwera imakhudza nthiti za kavalo, ndipo amalankhula naye ndi miyendoyo. Zingwe amazigwira ndi manja awiri, zosalendewera, kotero kuti dzanja limamva pakamwa pa kavalo nthawi zonse kudzera pa chitsulo cha m'kamwa. Kumutu amavala chisoti cholimba. Ngakhale dzina likuti n'ka Angerezi, amene anaphunzitsa dziko kuweramira kutsogolo podumpha anali msilikali wa ku Italy, Federico Caprilli, amene anamwalira mu 1907. Masewera a Olympics anakhazikitsa mipikisano itatu ya kakweredwe kameneka ku Stockholm mu 1912, ndipo ilipo mpaka lero: kudumpha, kuonetsa kumvera kwa kavalo m'bwalo, ndi wachitatu wophatikiza ziwirizi ndi kuthamanga m'tchire.

Kusiyana kwa zishalo ziwirizi kuli ngati kwa njinga ya mpikisano ndi ya kabaza: ina anaipepuza kuti ifulumire, ina anailimbitsa kuti igwire ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ndiye tizitchula bwanji? Ine ndikuti cha Western chija tizichitcha kakweredwe ka abusa a ng'ombe, kapena mwachidule kakweredwe kaubusa, ndipo pofuna kulongosola tiziwonjezera kuti ndi ka ku America. Chinacho tizichitcha kakweredwe kachingerezi, poti ndilo dzina limene dziko lonse likulidziwa, koma wolemba wosamala anene kamodzi kuti n'ka ku Ulaya konse. Chichewa chimakonda kutchula chinthu potsata ntchito yake. Timati chopondera, chotsekera, chopalira, ndipo mwana wa zaka zisanu amamva. Mukati "kakweredwe kaubusa" kwa bambo wa ku chigwa cha Bwanje amene wakulira m'khola, waona kale chifukwa cha nyanga ija musanamufotokozere. Iye akudziwa kuvuta kwa kupatula ng'ombe imodzi pakati pa zinzake pofuna kuithena kapena kuigulitsa, mmene imazembera n'kubwerera m'gulu. Ku America kupatula kumeneku kunasanduka mpikisano wapadera: wokwera amasankha ng'ombe imodzi, n'kutsitsa dzanja, kavalo yekha n'kumaitchingira uku ndi uku kuti isabwerere. Wolemba amene asiya liwu lakuti kupatula n'kukatenga la Chingerezi wataya liwu loyenera limene linali kale m'kamwa mwa owerenga ake. Mawu a ng'ombe tili nawo ambiri kuno, ena anabwera ndi Angoni: nkhunzi, thole. Kukusa, kutsekera, kuthena, kudinda chizindikiro, zonsezi n'zathu, ndipo zikukwanira kufotokoza ntchito ya m'busa wa ku Texas popanda kubwereka.

Liwu lakuti kaubowi sindikulikana. Lakhazikika kuchokera m'mafilimu, ndipo anthu amalidziwa. Koma m'makutu mwa ambiri kaubowi ndi munthu wa mfuti, wosamva za anthu, osati woweta ziweto. Mukalemba za kakweredwe n'kuti "kachikaubowi", owerenga aganiza za kuwomberana. Liwulo lisiyireni mafilimu.

Dzina la nyama yeniyeniyo nalonso lili ndi nkhani, ndipo Ntcheu ili pamalo abwino oti tiimve. Tili ndi mawu awiri, kavalo ndi hatchi. Kavalo ndi cavalo wa Chipwitikizi, ndipo pano Chipwitikizi sichili kutali: pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, mbali ina ndi Malawi, kuwoloka msewu muli ku Mozambique, m'chigawo cha Tete. Hatchi ndi liwu la kumwera, mbale wake wa ihhashi wa Chizulu. Angoni a Maseko anafika kuno wapansi, ndi zishango ndi ng'ombe zawo, koma njira ya kumwera sinatsekeke. Abambo ambiri a boma lino anapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, n'kubwera ndi mawu a kumeneko. Mawu onse awiri ndi Chichewa chabwino tsopano. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, linasankha kavalo, n'chifukwa chake m'matchalitchi timamva za akavalo ndi apakavalo a Farao. Pamsika mumva hatchi. Palibe chifukwa chopikisanitsa mawuwa.

Cholakwa chimene chikufala ndi kusokoneza magulu awo. Kavalo ali m'gulu limodzi ndi galu ndi bulu: kavalo wanga, kavalo woyera wathawa, akavalo awiri. Hatchi imayenda ndi "i": hatchi yanga, hatchi yoyera yathawa, ndipo zikachuluka timati mahatchi awiri. Koma mupeza wina walemba "hatchi wanga wadwala", wina "makavalo", wina wayamba ndime ndi "kavalo uyu" n'kumaliza ndi "inathamanga". Izi zimandipweteka kwambiri, chifukwa mgwirizano wa mawu ndiwo msana wa chinenero chathu, ndipo agogo amene sanapite kusukulu salakwitsa pamenepa. Amene amalakwitsa ndi ife ophunzira, amene timalemba maso ali pa chiganizo cha Chingerezi. Sankhani liwu limodzi m'nkhani yanu, ndipo mulitsate mpaka kumapeto.

Wina anganene kuti n'kutaya nthawi kukangana za akavalo m'boma limene chokoka ngolo ndi ng'ombe ndi abulu, ndipo mbatata ya ku Tsangano imatsika pa malole. N'zoona kuti akavalo ndi osowa m'Malawi. Kashembe, amene amafalitsa kaodzera, ndi matenda ena a akavalo ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kwambiri, zinachititsa kuti nyamayi isachuluke m'dera lino la Afirika monga inachulukira ku Lesotho, kumene m'mapiri kavalo ndiye mayendedwe a anthu wamba. Kwathu kuno akavalo okwera mungawapeze m'malo a alendo monga ku Kande m'boma la Nkhata Bay. Koma mawu amafika kumene nyama sinafike. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa akuonetsedwa m'misika yonse ya m'mbali mwa M1, ndipo ana amatola mawu a womasulira n'kupita nawo kunyumba. Mlaliki amafotokoza za chitsulo cha m'kamwa mwa kavalo pophunzitsa kalata ya Yakobo. Mnyamata amene wapeza ganyu m'khola la akavalo ku South Africa amaimba foni kumudzi kufotokoza ntchito yake. Onsewa akufuna mawu, ndipo tikapanda kuwasamala ife, adzangotola aliwonse.

Ndamvapo womasulira filimu akunena kuti mnyamata "akupalasa hatchi". Ayi. Timapalasa njinga ndi bwato, pamene mphamvu ikuchokera m'miyendo kapena m'manja mwathu. Kavalo ali ndi miyendo yake. Timamukwera, ndipo timamuyendetsa kapena kumuwongolera. Mawu awiriwa sali chimodzimodzi, ndipo kusiyana kwawo kukutithandiza pa nkhani yathu ino. Kukwera ndi kukhala pamsana: mlendo amene wakwezedwa pa kavalo wina akumukokera chingwe wakwera, koma sakuyendetsa. Choncho tikamanena za chishalo, kutalika kwa zopondera ndi kakhalidwe ka thupi, tikunena za kakweredwe. Tikamanena za dzanja limodzi kapena awiri, chingwe pakhosi kapena kukoka pakamwa, tikunena za kayendetsedwe. Chingerezi chimaphatikiza zonsezi m'liwu limodzi. Chichewa chimazilekanitsa, ndipo wolemba aziligwiritsa ntchito phindu limenelo.

Povuta penipeni ndi pa mayendedwe a kavalo mwiniyo. Ife timangoti akuyenda, akuthamanga, kapena wautsa liwiro la mtondo wadooka. Koma pakati pa kuyenda ndi liwiro lalikulu pali mayendedwe ena awiri, ndipo okwera amawasiyanitsa ndi khutu. Pa oyamba, mwendo wakutsogolo wamanja umaponda limodzi ndi wakumbuyo wamanzere, kenako enawo, moti ziboda zimamveka kawiri ndipo msana umagwedeza munthu. Pa achiwiri ziboda zimamveka katatu, kenako kachete pang'ono nyama ili m'malere. Apa ndi pamene makweredwe awiri aja amasiyana moonekera ngakhale muli patali. Wokwera mwachingerezi, kavalo akayamba mayendedwe ogwedeza aja, amanyamuka pa chishalo ndi kukhalanso motsata mapazi a kavalo, kuti asadzipweteke komanso asapweteke msana wa chiweto. M'busa amamuphunzitsa kavalo wake kuchita mayendedwe omwewo mwapang'onopang'ono, mosadumpha, ndipo iye amangokhala phee, poti sangathe kunyamukanyamuka tsiku lathunthu. Pamenepa sindikulimbikitsa kupeka mawu atsopano pa tebulo, oti sawadziwa wina aliyense. Fotokozani zimene diso likuona ndi khutu likumva: kuthamanga kogwedeza, kuthamanga kwa mapazi atatu, liwiro lonse. Mawu ofotokoza otere amatalika pang'ono, koma womvera satsalira, ndipo likadzapezeka liwu lalifupi lidzachokera kwa anthu ogwira akavalo, osati kwa ife olemba.

Zida zotsalazo zili ndi mayina kale. Chishalo tinachizolowera pa njinga, ndipo pa kavalo n'chomwecho. Lamba wa pamimba ndi amene amamanga chishalo kuti chisapendekeke. Chishalo chaubusa cha pantchito chimakhala ndi wachiwiri kumbuyo, kuti chisatukuke thole likakoka pa nyanga. Zopondera, zingwe zowongolera, chitsulo cha m'kamwa, chikwapu. Goli ndi zikei zisiyeni kwa ng'ombe za pangolo, chifukwa kavalo wokwera savala goli, ndipo womasulira amene atcha zingwe za kumutu kwa kavalo kuti goli adzasekedwa ndi mlimi aliyense wa ku Sharpevale amene anamangapo ng'ombe m'mawa.