Midzi ya Asaamaka ya m'Mbali mwa Mtsinje wa Suriname: Mbiri Yake Monga Imvekera m'Chiyankhulo

1. Mawu oyamba

Mlendo wofuna kukaona midzi ya Asaamaka, m'dziko la Suriname ku South America, amachoka mu mzinda wa Paramaribo pa galimoto kufikira pa doko la Atjoni. Kuchokera apo ulendo ndi wa pa bwato la injini, kukwera mtsinje wa Suriname ndi kupyola mathithi ake, mpaka ku midzi monga Pikin Slee. Poloŵera m'midzi yosunga miyambo ya makolo pamalenjekeka masamba a mtengo wonga kanjedza, otchedwa azanpau, otchinga zoipa. Kaŵirikaŵiri mlendo amafika ndi ganizo lakuti akukaona Afirika wakale amene adasungika m'nkhalango osasintha. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti chiyankhulo cha eni midziyo chikutsutsa ganizolo. Chisaamaka chidabadwira ku Suriname komweko, ndipo chimene chidachisunga ndi ufulu wa eni ake pa mtsinje ndi pa nthaka yawo.

2. Chiyambi cha mtunduwu

Asaamaka ndi amodzi mwa mitundu isanu ndi umodzi ya ku Suriname yotchedwa Maroon, ndiko kuti zidzukulu za akapolo amene adathaŵa m'minda ya azungu nakakhazikitsa midzi yawo m'nkhalango. Ina ndi Ndyuka, Matawai, Paramaka, Aluku ndi Kwinti.

Angerezi ochokera ku Barbados ndiwo adayamba kulima minda ikuluikulu ya nzimbe m'dzikolo cha m'ma 1650. Mu 1667 dziko lidagwa m'manja mwa Adatchi, koma pofika nthaŵi imeneyo Chingerezi chinali chitasiya kale mawu ake pakamwa pa akapolo. M'zaka za m'ma 1660 kudafikanso Ayuda oyankhula Chipwitikizi, ambiri a iwo atakhalako ku Brazil, natsegula minda yawo m'mbali mwa mtsinje wa Suriname, pa dera lotchedwa Jodensavanne. Makolo ambiri a Asaamaka adathaŵa m'minda imeneyi, makamaka kuyambira cha m'ma 1690 kufikira 1712. Maina a mafuko awo ena akuchitirabe umboni zimenezi: a Matjau adatenga dzina kwa mwini munda wotchedwa Machado, a Nasi kwa banja la Nassy.

Atalephera kuwagonjetsa pa nkhondo ya zaka makumi angapo, Adatchi adapangana mtendere ndi Andyuka mu 1760, Asaamaka mu 1762 ndi Amatawai mu 1767. Ukapolo ku Suriname udathetsedwa mu 1863. Motero Asaamaka adadziwombola okha zaka 101 anzawo a m'minda asanamasulidwe, ndipo chiyankhulo chawo chidakula pachokha, kutali ndi cha m'tauni chotchedwa Sranan Tongo.

3. Umboni wa m'mawu

Chisaamaka chili m'gulu la ziyankhulo zimene akatswiri amazitcha creole, zobadwa pamene anthu a ziyankhulo zosiyana akakamizidwa kukhalira pamodzi. Norval Smith, m'kafukufuku wake wa 1987, adapeza kuti mwa mawu a tsiku ndi tsiku pafupifupi theka ndi ochokera ku Chingerezi, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi ochokera ku Chipwitikizi. Nyumba amati wosu ndipo madzi amati wata, kuchokera ku Chingerezi. Pamene mtsinje amati lio, nkhalango matu, mkazi mujee, mwamuna womi, kuchokera ku Chipwitikizi rio, mato, mulher ndi homem. Chipwitikizi chidaloŵa ngakhale m'timawu tosonyeza malo, monga dendu, m'kati, ndi liba, pamwamba, timene chiyankhulo sichibwereka chisawawa.

Za ku Afirika zimamveka kwambiri m'katchulidwe ndi m'kaumbidwe ka ziganizo. Maphatikizo a Chisaamaka amathera ndi lembo la liwu monga a Chicheŵa. Muli mb, nd ndi ng kumayambiriro kwa mawu, ndiponso kp ndi gb zodziŵika m'ziyankhulo za kumadzulo kwa Afirika. Kukweza ndi kutsitsa liwu kumasiyanitsa matanthauzo, monga ife tisiyanitsira mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pa msika. Mawu ofunsira andi, chiyani, ndi ambe, yani, adachokera ku chiyankhulo cha Fon cha ku Benin. Jan Daeleman mu 1972 adasonkhanitsa mawu ochokera ku Chikongo, chomwe ndi chiyankhulo cha Chibantu. Pakati pa mawu otere pali zaun, njovu, a tsinde limodzi ndi njovu yathuyi, amene akhala pakamwa pa anthu zaka zoposa 300 m'dziko lopanda njovu.

Komabe wofufuza achenjere ndi mawu ongofanana kamvekedwe. Asaamaka amatsata mtundu wa kuchikazi ndipo mbumba ya kholo limodzi lachikazi amaitcha bee. Mcheŵa angafulumire kukumbukira bere, koma bee adachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza mimba.

4. Kulembedwa kwa chiyankhulochi

Amishoni a Moravian adafika kwa Asaamaka mu 1765, ndipo mmodzi wa iwo, Christian Ludwig Schumann, adalemba mtanthauziramawu wa Chisaamaka mu 1778. Hugo Schuchardt adausindikiza ku Amsterdam mu 1914. N'zoŵerengeka ziyankhulo za mtundu umenewu zokhala ndi zolembedwa zakale chotere. Kwa Andyuka, munthu wotchedwa Afaka adapeka malembo akeake 56 cha m'ma 1910, lembo lililonse loimira phatikizo, koma adaphunzira ndi anthu ochepa. Boma la atsamunda lidasankha Chidatchi pamene lidakhazikitsa maphunziro okakamiza mu 1876, ndipo ngakhale Suriname adalandira ufulu wodzilamulira mu 1975, Chidatchi ndicho chikali chiyankhulo cha boma ndi cha sukulu. Mwana wa Chisaamaka amayamba kuŵerenga m'chiyankhulo chimene sachimva kwawo.

Mbiri yeniyeni ya mtunduwu idasungidwa pakamwa. Richard Price, m'buku lake la 1983 lotchedwa First-Time, adafotokoza kuti nkhani za nthaŵi ya kuthaŵa ndi ya nkhondo sizikambidwa poyera: akulu amazipereka pang'onopang'ono kwa munthu amene amkhulupirira. Choncho gawo lolemera koposa la chiyankhulochi ndi lomwe mlendo wa masiku aŵiri sangalimve.

5. Zimene zidagwedeza midzi

Pakati pa 1961 ndi 1964 kampani ya Alcoa idamanga damu la Afobaka lopangira magetsi. Nyanja imene idabadwa, ya Brokopondo, idamiza midzi yambiri, ndipo anthu pafupifupi 6,000 adasamutsidwa, ena kupita ku midzi yatsopano monga Brownsweg, kufupi ndi njira ya kutauni. Nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya 1986 mpaka 1992 idatseka masukulu a kumidzi ndi kuthaŵitsira anthu ambiri ku Paramaribo ndi ku French Guiana. Pambuyo pake boma lidapereka nkhalango za Asaamaka kwa makampani odula mitengo osafunsa eni ake. Atsogoleri a midzi adakasuma, ndipo pa 28 Novembala 2007 bwalo la Inter-American Court of Human Rights lidagamula kuti Asaamaka ali ndi ufulu, monga mtundu, pa nthaka ya makolo awo. Wanze Eduards ndi Hugo Jabini, amene adatsogolera mlanduwo, adalandira mphotho ya Goldman mu 2009.

6. Alendo ndi tsogolo la chiyankhulo

Masiku ano m'mbali mwa mtsinjewu muli nyumba zogona alendo, ndipo ku Pikin Slee kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za Asaamaka. Ndalama za alendo zimathandiza oyendetsa mabwato, osema ziboliboli ndi amayi osoka nsalu zotchedwa pangi, ndipo munthu wopeza ntchito kumudzi sasamukira kutauni kumene ana ake akakulire m'Chidatchi ndi m'Sranan Tongo. Limeneli ndi phindu lenileni. Koma ntchito yoperekeza alendo imafuna Chidatchi ndi Chingerezi, ndipo mlendo amangotolako moni wa m'maŵa ndi nyimbo ya gule. Chiyankhulo choonetsa alendo n'chosiyana ndi chiyankhulo choweruzira milandu pamaso pa gaama, mfumu yaikulu, ndi akabiteni ake, kapena cholirira maliro.

Kwa okonza ndondomeko za ziyankhulo, phunziro la mbiriyi ndi lakuti Chisaamaka chidalimba zaka 200 popanda lamulo lochiteteza, chifukwa eni ake anali ndi dziko lawo ndi mabwalo awo. Chidayamba kugwedezeka pamene madzi a damu, nkhondo ndi sukulu ya chiyankhulo chachilendo zidakhudza midziyo. Malamulo a kalembedwe ndi mabuku a ana n'zofunika ndithu, makamaka m'makalasi oyamba. Koma zidzapindula pokhapokha midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Suriname ikhalebe malo okhalamo anthu olima, oweruzana ndi olera ana m'chiyankhulo chawo.