Mlandu Wakupha Pamene Maso Sadaone: Phunziro la ku Area 43

Usiku wa pa 13 September 2013, Paul Mphwiyo, yemwe panthawiyo adali mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, adawomberedwa ndi mfuti akulowa pachipata cha nyumba yake ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. Adapulumuka ndipo adakalandira chithandizo ku South Africa. Ambiri a ife timakumbukira usiku umenewu ngati chiyambi cha nkhani ya Cashgate, ya kusolola ndalama za boma ku Capital Hill. Koma mlandu womwe udatsatira udatiphunzitsanso momwe bwalo limapezera choonadi pa zinthu zomwe anthu adakonza mumdima.

Woimbidwa mlandu wamkulu adali Ralph Kasambara, loya wotchuka yemwe adakhalapo nduna ya zachilungamo m'boma la Joyce Banda. Pamodzi naye padali Pika Manondo ndi Macdonald Kumwembe, yemwe adali msilikali kale. Chiwembu sachipangana pabwalo la mfumu, kotero panalibe munthu woti n'kunena kuti adakhala nawo pomwe ankagwirizana. Oimira boma adabweretsa umboni wa Mphwiyo mwini wake, ndipo adatsamira kwambiri pa kaundula wa mafoni wochokera ku makampani a lamya, wosonyeza manambala omwe adaimbirana komanso nthawi yomwe adaimbirana. Mu July 2016, Woweruza Michael Mtambo wa bwalo lalikulu adapeza Kasambara wolakwa pa mlandu wokonza chiwembu chofuna kupha munthu, ndipo mu August adamulamula kukakhala kundende zaka 13. Mu 2018 adatulutsidwa pa belo podikira apilo, ndipo akadaulo ambiri adapitiriza kutsutsana ngati kuimbirana foni kokha kungasonyeze chomwe anthu adakambirana.

Mtsutso umenewu ndi wakale. Malamulo athu a milandu adachokera ku England, komwe mlandu wa Hodge mu 1838 udakhazikitsa muyezo womwe mabwalo amagwiritsabe ntchito: umboni wa zizindikiro ungamangitse munthu pokhapokha ngati zizindikiro zonse zikuloza kwa iyeyo, ndipo palibe tanthauzo lina lomveka lomwe lingazifotokoze. Mlandu wa Woolmington mu 1935 udatsindika kuti udindo wotsimikiza kulakwa uli pa boma, ndipo woimbidwa mlandu sakakamizidwa kutsimikiza kuti ndi wosalakwa.

Dziko lathu lidaona kulimba kwa muyezo umenewu pa mlandu wa ku Mwanza. Mu May 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa kufupi ndi Thambani, ndipo boma lidati idali ngozi ya galimoto. Patapita zaka zoposa khumi, komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Woweruza Michael Mtegha idapeza kuti anthuwa adaphedwa ndi apolisi. Mu 1995, Dr Hastings Kamuzu Banda ndi John Tembo adazengedwa mlandu wokonza chiwembucho. Apolisi ena adavomera pabwalo kuti adatengapo mbali, koma mkulu wa apolisi wa nthawiyo, Mac Kamwana, ndi mlembi wamkulu wa boma, John Ngwiri, omwe akadafotokoza komwe lamulo lidachokera, adali atamwalira kale. Unyolo udaduka pakati, ndipo mu December 1995 oimbidwa mlanduwo adapezeka osalakwa. Mabanja anayi adadziwa momwe abale awo adafera, koma bwalo silidatchule yemwe adalamula.

Kwa ife nzeru yoweruza ndi zizindikiro si yachilendo. Mu Surat Yusuf timawerenga za malaya ong'ambika kumbuyo omwe adasonyeza kuti Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, ankathawa, komanso za malaya opakidwa magazi abodza omwe sadanyenge bambo ake, Ya'qub. Chizindikiro china chidanena zoona pomwe china chidali chokonza dala. Ophunzira a malamulo a Chisilamu, monga Ibn al-Qayyim, adalemba kuti woweruza asanyalanyaze qarina, kutanthauza chizindikiro cholozera ku choonadi, koma ambiri adachenjezanso kuti chilango chachikulu chisaperekedwe pomwe pali chikayiko.

Nkhaniyi imatikhudza m'makomo mwathu momwe. Mtembo ukapezeka m'mbali mwa nyanja, mitima imathamangira kwa yemwe adaoneka komaliza ndi malemuyo, kapena yemwe adakangana naye pa nkhani ya ukonde kapena ngongole. Zimenezi ndi zizindikiro ndithu, koma chimodzi chokha sichikwanira kumanga munthu, ndipo gulu lokwiya likachitapo kanthu lokha, magazi a wosalakwa amatha kukhetsedwa. Chomwe tingachite ndi kusunga malo a imfayo osawasokoneza, kupereka kwa apolisi foni, chovala kapena chilichonse chomwe chapezeka, ndi kukaikira umboni mopanda mantha, tikunena zokhazo zomwe tidaona ndi kumva. Akuluakulu adati mlandu suwola, koma mlandu wa ku Mwanza udationetsa kuti mboni zimamwalira umboni usadamveke. N'chifukwa chake tiyenera kulankhula nthawi ikadalipo.