Mtsinje wa Jukskei ndi ntchito ya anthu ofuna kuutsitsimutsa

Jukskei ndi umodzi mwa mitsinje ikuluikulu ya mumzinda wa Johannesburg, m'dziko la South Africa, ndipo umatchulidwa kawirikawiri pakati pa mitsinje yoipitsidwa kwambiri m'dzikolo. Mtsinjewu umayambira pakati pa mzindawu n'kulowera kumpoto, kudutsa m'madera a anthu osauka ndi a anthu olemera omwe, mpaka kukathira mumtsinje wa Crocodile. Kwa zaka zoposa 20 tsopano, magulu a anthu okhala m'mphepete mwake akhala akulimbana ndi ntchito youyeretsa.

Gwero ndi njira ya mtsinjewu

Mizinda yambiri ikuluikulu inamangidwa pafupi ndi mtsinje waukulu, nyanja kapena doko. Johannesburg, amene ambiri m'maiko a Malawi, Zambia ndi Mozambique amangomutchula kuti Joni, anamangidwa m'chaka cha 1886 chifukwa cha golide basi. Mzindawu uli pamwamba pa mtandadza wa zitunda za Witwatersrand, ndipo zitundazi zimagawa madzi a mvula pawiri. Ogwa chakumwera amalowera mumtsinje wa Vaal, kenaka wa Orange, n'kukathera m'nyanja ya Atlantic. Ogwa chakumpoto amatsata Jukskei ndi timitsinje tinzake.

Akasupe amene amabala Jukskei ali m'dera la Doornfontein, pafupi ndi bwalo la masewero la Ellis Park, koma munthu sangawaone chifukwa anakwiriridwa pansi pa misewu ndi nyumba pamene mzinda unkakula. Madziwo amayenda m'ngalande za pansi pa nthaka, ndipo amayamba kuonekera m'dera la Bertrams, ali kale otuwa ndi onunkha. Dzina la mtsinjewu ndi la Chiafrikaans, ndipo limatanthauza kamtengo kamene amalowetsa m'goli la ng'ombe zokoka ngolo.

Kuchoka apo mtsinjewu umadutsa ku Bezuidenhout Valley, Bruma, Alexandra, Buccleuch ndi madera a Midrand, n'kukumana ndi Crocodile kufupi ndi Lanseria. Crocodile amalowa m'damu la Hartbeespoort, ndipo kumunsi kwake amakumana ndi mtsinje wa Marico n'kupanga Limpopo, amene amalekanitsa South Africa ndi Botswana komanso Zimbabwe asanalowe m'dziko la Mozambique n'kukathira m'nyanja ya Indian pafupi ndi Xai-Xai. N'chifukwa chake nkhani ya Jukskei siikhudza Johannesburg yekha. Maiko anayiwa anasainirana pangano m'chaka cha 2003 lokhazikitsa bungwe la LIMCOM loyang'anira madzi a Limpopo, potsatira pangano la SADC la 2000 lokhudza mitsinje imene maiko amagawana.

Chodabwitsa china n'chakuti gawo lalikulu la madzi oyenda kumunsi kwa Jukskei, makamaka m'chilimwe, si la Jukskei weniweni. Anthu a mumzindawu amamwa madzi amene bungwe la Rand Water limapopa kuchokera ku Vaal, ena mwa iwo ochokera kumapiri a dziko la Lesotho. Akagwiritsidwa ntchito m'madera a kumpoto, amapita kumalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi a Northern Works, pafupi ndi Diepsloot, ndipo akachoka kumeneko amatayidwa mu Jukskei. Makina a pamalopo akafooka, mtsinje ndi umene umasenza zotsatira zake.

Zimene zimaipitsa madzi

Munthu woima pamlatho amayamba waona mabotolo a pulasitiki, majumbo, matewera, matayala ndi zigumukire za nyumba zimene omanga ena amakhuthula usiku m'mbali mwa mtsinje pothawa kulipira kudzala la khonsolo. Koma choopsa koposa ndi zonyansa za m'zimbudzi. Mapaipi a suweji a pakati pa mzindawu ndi akale, ndipo anakonzedwera anthu ochepa poyerekeza ndi amene akukhalamo lero. M'nyumba zina zosanja zimene eni ake anazisiya, kapena zimene zinalandidwa ndi magulu otolera lendi popanda chilolezo, mumakhala anthu ochuluka opanda zimbudzi zogwira ntchito, choncho zonyansa zimalowera m'ngalande za madzi a mvula. Paipi ikatsekeka ndi nsanza, mafuta ophikira kapena mchenga, zonyansazo zimatumphukira mumsewu n'kutsetserekera kumtsinje.

Akatswiri amadziwa kukula kwa vutoli powerenga tizilombo ta E. coli, timene timapezeka m'chimbudzi cha anthu ndi ziweto. M'madzi akumwa simuyenera kupezeka ngakhale kamodzi, koma m'malo ena a Jukskei tapezekapo mamiliyoni m'mamililita 100 okha a madzi. Vuto la suweji ndi la dziko lonse: lipoti la boma la Green Drop la 2022 linapeza kuti malo 334 mwa malo 850 oyeretsera madzi a m'zimbudzi a makhonsolo anali pamlingo woipitsitsa.

Madambo amene kale ankamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono anasanduka phula, simenti ndi malata. Mvula yamabingu ya m'dzinja ikagwa, madzi onse amathamangira mumtsinje nthawi imodzi, ndipo kamtsinje kamene m'mawa mwana akanatha kukawoloka kamadzaza m'mphindi zochepa, n'kumagumula magombe ndi kukokolola chilichonse.

Alexandra

Palibe dera limene moyo wake walukana ndi Jukskei kuposa Alexandra. Linakhazikitsidwa m'chaka cha 1912, ndipo linali limodzi mwa malo ochepa a m'tauni kumene anthu akuda ankaloledwa kugula malo. Nelson Mandela anakhalako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Boma latsankho linayesa kangapo kuchepetsa anthu a m'derali ndiponso kulithetsa, ndipo silinkalabadira zokonza ngalande ndi zimbudzi zake. Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 180,000 m'dera laling'onoli, limene layandikana ndi Sandton, likulu la chuma cha dzikolo. Anthu obwera kudzafuna ntchito, ochokera m'zigawo zina za South Africa ndi m'maiko oyandikana nalo, akasowa pokhala amamanga zisakasa pamalo okhawo otsala, ndiwo a m'mphepete mwa madzi, monga ku Setswetla.

Kumayambiriro kwa 2001 tizilombo ta kolera tinapezeka mumtsinjewu, ndipo boma linasamutsa mabanja ambiri a m'mbali mwake kupita ku Diepsloot ndi madera ena. Ambiri anadandaula kuti anachotsedwa mokakamizidwa n'kukasiyidwa kutali ndi ntchito zawo komanso sukulu za ana awo. Chaka chomwecho boma la Pulezidenti Thabo Mbeki linakhazikitsa ntchito yotukula derali ya Alexandra Renewal Project, ya ndalama zokwana R1.3 biliyoni. Nyumba, misewu ndi malo opumulirako zinamangidwa ndithu, koma patapita zaka zisakasa zinabwereranso m'magombe, pakuti chimene chinabweretsa anthu oyambawo chinali chikadalipo. Mu November 2016 madzi osefukira anagwetsa zisakasa zambiri ku Setswetla, ndipo mu December 2022 anthu oposa khumi anafa madzi atawadzidzimutsa pamwambo wa ubatizo. Ngozi yachiwiriyi inakumbutsa anthu kuti ngakhale uli woipa chotere, mtsinjewu ndi malo opempherera a mipingo yambiri ndi asing'anga.

Ntchito ya anthu wamba

Kuyeretsa Jukskei si nkhani ya dzulo. M'zaka za m'ma 2000 bungwe la SOUL Foundation, lotsogoleredwa ndi Kim Kieser, linkalemba anthu a m'madera oyandikira kuti azichotsa zinyalala mumtsinjewu. Mavuto amene ntchito zoyambirirazo zinakumana nawo ndi omwe aja a masiku ano: thandizo la ndalama limatha, ndipo mvula yoyamba imabweretsa zinyalala zina pamalo amene anayeretsedwa.

Ku Bruma, anthu okhala m'deralo ndi eni malonda anadandaula kwa zaka zambiri ndi fungo la nyanja yochita kukumba imene inatchinga mtsinjewu, mmene zonyansa zinkadikha n'kumawola. Pakati pa zaka za m'ma 2010 khonsolo inaphwetsa nyanjayo, n'kubwezeretsa njira ya madzi ndi kusandutsa malowo paki. Fungo linachepa chifukwa madzi anasiya kuima, ngakhale kuti ochokera kumtunda sanasinthe.

Kumtunda kumeneko n'kumene kukugwira ntchito bungwe la Water for the Future, limene anayambitsa ndi Romy Stander ndi katswiri wa zosemasema Hannelie Coetzee, pamalo a Victoria Yards ku Lorentzville. Iwo anasankha kuyambira pafupi ndi gwero, poona kuti kutola zinyalala kumunsi pamene kumtunda zikulowabe n'kutunga madzi ndi dengu. Antchito awo, ambiri mwa iwo achinyamata a m'madera omwewo, amazula mitengo ndi zomera zachilendo zimene zimamwa madzi ambiri ndi kupha zomera za m'deralo, n'kudzala zachilengedwe m'malo mwake. Mitengo yodulidwayo saitaya: amalukira mipanda ndi zinthu zina zogwiritsa ntchito pomwepo. Bungweli lagwiranso ntchito ndi akatswiri a m'mayunivesite poyeza kuchuluka ndi ukhondo wa madzi otuluka pansi pa mzinda, popeza dandaulo lopanda umboni silivuta kulikankhira kumbali.

Ku Alexandra kuli gulu la Alexandra Water Warriors, limene linayamba m'chaka cha 2021, ndipo mmodzi mwa olitsogolera ndi Paul Maluleke. Mamembala ake, ambiri mwa iwo amayi ndi achinyamata osowa ntchito, amalowa m'madzi atavala majombo ndi magolovesi n'kumazula mapulasitiki okodwa m'mabango ndi m'miyala. Anatchuka ndi misampha ya zinyalala: amamanga mabotolo a pulasitiki opanda kanthu m'waya kapena mu ukonde, n'kuuyala kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo, kuti zoyandama zizikodwa pamenepo ndipo zichotsedwe zisanapite kumunsi. Zimene zingagulitsidwe kwa okonzanso mapulasitiki amazipatula. Msampha wotere ndi wotsika mtengo, koma umafuna munthu woukhuthula nthawi ndi nthawi, ndipo madzi akasefukira mwamphamvu amatha kuudula.

M'chaka cha 2024 magulu awiriwa analowa m'ntchito ya SUNCASA, yothandizidwa ndi boma la Canada, imene inakonzedwa kuti ichitike ku Johannesburg, ku Kigali m'dziko la Rwanda ndi ku Dire Dawa m'dziko la Ethiopia, pofuna kuchepetsa kusefukira kwa madzi podzala mitengo ndi kukonza magombe a mitsinje. Palinso bungwe la WaterCAN, limene limagawa zipangizo zoyezera madzi kwa anthu wamba n'kufalitsa zotsatira zake. Pamtsinje woyandikana nawo wa Hennops, umene umathiranso mu Crocodile, ntchito yofanana nayo inayamba m'chaka cha 2019 ndi gulu la Hennops Revival.

Nkhani ya malipiro ndi yosalambalalika. Anthu ambiri otchedwa ongodzipereka alibe ntchito ina, ndipo ena akhala akulandira kangachepe kudzera m'ndondomeko za boma zopatsa anthu ntchito zachitukuko. Ndondomekozi zimayenda ndi nyengo, ndipo zikaima munthu amayenera kusankha pakati pa mtsinje ndi ganyu yogulira ufa. Amene amatama magulu otere pamisonkhano nthawi zambiri satchula kuti anthuwa amagwira ndi manja awo madzi amene angawadwalitse.

Pamene mphamvu zawo zimathera

Magulu a anthu angathe kuchotsa matani a zinyalala, kudzala mitengo ndi kusintha maganizo a anansi awo, koma sangathe kusintha paipi yophulika pansi pa msewu. Udindo umenewo ndi wa khonsolo, ndipo ku Johannesburg unagawidwa pakati pa makampani ake angapo: Johannesburg Water imayang'anira suweji, Pikitup zinyalala, Johannesburg Roads Agency ngalande za madzi a mvula, ndipo City Parks and Zoo malo opumulirako. Zonyansa za m'chimbudzi zikamayenda m'ngalande ya mvula yodutsa m'paki, wodandaula amatha kutumizidwa uku ndi uku. Malamulo okha alipo okwanira. Gawo 24 la malamulo aakulu a dzikolo a 1996 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake, ndipo lamulo la madzi la 1998 limalamula woipitsa madzi kuti akonze zimene wawononga.

Zotsatira za kulephera kumeneku zimaonekera ku Hartbeespoort, damu limene linamalizidwa m'chaka cha 1923 kuti lithandize ulimi wothirira. Zonyansa za m'zimbudzi zimakhala ngati manyowa m'madzi, ndipo zimanenepetsa namasupuni, chomera chochokera ku South America chimene anthu a m'mbali mwa Shire ku Malawi ndi Kafue ku Zambia amachidziwa bwino. Zaka zina chomerachi chaphimba gawo lalikulu la damulo, n'kusokoneza usodzi, mabwato ndi malonda a alendo. Akatswiri a Centre for Biological Control a ku Rhodes University, mothandizana ndi anthu a m'deralo, akhala akuweta ndi kumwaza kachilombo kotchedwa Megamelus scutellaris, kamene kamayamwa madzi a chomerachi mpaka kufota n'kumira. Njirayi yachepetsapo namasupuni kwambiri m'nyengo zingapo, koma njere zake zimakhala zamoyo m'matope kwa zaka zambiri, ndipo zimameranso kukayamba kutentha chifukwa Jukskei ndi Hennops akupitiriza kubweretsa chakudya chake kuchokera kumtunda.