Malo ogona alendo ku Liwonde National Park

Liwonde National Park ndi malo osungirako nyama zakutchire omwe ali m'chigawo chakummwera kwa Malawi, ndipo mbali yake yaikulu ili m'boma la Machinga. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Mtsinje wa Shire ukatuluka m'nyanja ya Malombe umadutsa kumadzulo kwa pakiyi. Malo ogona alendo odziwika kwambiri anamangidwa m'mphepete mwa mtsinjewu, chifukwa m'chilimwe nyama zambiri zimadzamwa madzi kumeneko.

Malo ogona

Mvuu Lodge ndi Mvuu Camp amayendetsedwa ndi kampani ya Central African Wilderness Safaris. Mvuu Lodge ndiyo yodula, pomwe Mvuu Camp ndi yotsikirako mtengo ndipo mabanja amaikonda. Kuthengo Camp, ya kampani ya Robin Pope Safaris, inatsegulidwa mu 2018.

Pa malo apamwambawa alendo amagona m'matenti, koma si matenti wamba. Muli bedi lalikulu lotchinga ndi neti, bafa ndi chimbudzi cha m'kati, komanso khonde loyang'ana kumadzi. Matentiwo amakhala ochepa dala kuti pasakhale phokoso. Usiku mvuu ndi njovu zimadutsa pakati pa matenti, choncho mlendo saloledwa kuyenda yekha kukada. Amaperekezedwa ndi mlonda.

Mtengo umatchulidwa m'madola a ku America ndipo umafika madola mazana angapo munthu mmodzi usiku umodzi, kuphatikizapo chakudya ndi maulendo okaona nyama. Amalawi ambiri sangakwanitse ndalama zotere. Komabe nzika za Malawi zimalipira ndalama zochepa pachipata poyerekeza ndi alendo akunja, ndipo ena amangobwera m'mawa n'kubwerera madzulo.

Zochitika

Chomwe Liwonde imatchuka nacho ndi ulendo wa pa boti. Botilo limayenda pang'onopang'ono pafupi ndi magulu a mvuu, ng'ona zoothera dzuwa pamchenga, ndi njovu zomwe zimalowa m'madzi kukadya bango. Munthu ali m'boti amayandikira njovu kuposa mmene angachitire ali pa galimoto. Okonda mbalame nawo amapindula, popeza pakiyi ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, kuphatikizapo nkhwazi ndi kadzidzi wodya nsomba wotchedwa Pel's fishing owl, yemwe saoneka wamba.

Maulendo a pa galimoto yopanda zitseko zam'mbali amachitika mbandakucha ndi chakumadzulo, kudutsa m'nkhalango ya mitengo ya tsanya ndi milambe. Kumeneko kumapezeka njati, nswala, ngoma, mphalapala ndi njiri. Kukada amagwiritsa ntchito nyali yowala kwambiri pofunafuna afisi ndi nyama zina zoyenda usiku. Palinso kuyenda wapansi motsogozedwa ndi msilikali wa m'paki wonyamula mfuti.

Nyama zimaoneka bwino kuyambira mwezi wa May mpaka October. M'nyengo ya mvula misewu ina ya m'paki imadzaza matope, ndipo alendo ambiri amafika pa boti.

Kubwerera kwa nyama

Zaka za m'mbuyomu nyama za ku Liwonde zinachepa kwambiri chifukwa cha kupha nyama mozembera malamulo, makamaka ndi misampha ya mawaya. Njovu nazo zinkatuluka n'kukaononga minda ndi kupha anthu m'midzi yozungulira. Mu 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa pakiyi. Bungweli linamanga mpanda wa magetsi ndipo linachotsa misampha zikwi makumi angapo.

Mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 300 zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022. Akakwiyo anabwezeretsedwa mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zinachokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu inafika mu 2021. Nyama zolusazi ndi zina mwa zomwe zachititsa kuti alendo olipira ndalama zambiri ayambe kukhamukira ku Liwonde. Ndalama za pachipata ndi zomwe makampani a malo ogona amapereka zimathandiza kulipira asilikali a m'paki ndi kukonza mpanda, ndipo ambiri mwa ophika, oyendetsa maboti ndi alonda amachokera m'midzi yoyandikana ndi pakiyi.